Batire lotchipa linatidyera misozi ya Ambuya

Ngati mukuwerenga izi muli pa mpando wakumbuyo wa basi, mawondo atagunda mpando wa kutsogolo, mwina munandionapo. Ndine uja amakwera ndi ndodo yaitali yakuda imene kondakita amafuna kuilipiritsa ngati munthu. "Mudala, muyenda kugwila nsomba ku Kafue?" Iyayi, si ya nsomba. Ndi ndodo imene timapachikapo maikolofoni pojambula filimu. Anzanga amanyamula kamera ndi malaiti, ine ntchito yanga ndi mawu, ndipo zida zanga zonse zimakwana m'kachikwama ka pakhosi: rekoda, mahedifoni, zingwe ndi mabatire.

Pa zonsezi, mabatire ndiwo otchipa kwambiri. Koma ndiwo anandichititsa manyazi amene mpaka lero ndikawakumbukira nsima imandiwawa.

Munali mu Okutobala 2024. Simunaiwale mmene zinthu zinalili. Mvula inali itakana, a Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ndipo madzi ku Kariba anali atatsika. Kuzima kwa magetsi kumene kunayamba ndi maola 8 mu Malichi kunakula mpaka kufika maola 21 pa tsiku. Kwathu ku Chelstone malaiti ankabwera pakati pa usiku ngati mbala, n'kuchoka tambala asanalire.

Mnyamata wina amene timapemphera naye anali kupanga kafilimu kakafupi konena za matchona, amuna aja ankapita kukagwira ntchito ku Halale osabwereranso. Ndalama analibe, koma anali ndi chuma china: ambuya ake enieni, a ku Katete, amene anabwera ku Lusaka kudzaonana ndi dokotala. Iwowo ndiwo anavomera kusewera mayi wodikira mwamuna wake. Tinali ndi Loweruka limodzi chabe, chifukwa Lamlungu m'mamawa anali ndi basi yobwerera kumudzi pa Inter-City.

Lachisanu usiku ndinaika mabatire anga otchaja mu chaja, n'kugona ndikuyembekeza kuti malaiti abwera monga mwa masiku onse. Usiku umenewo sanabwere. Kutacha ndinapeza chaja ili zii. Sindinade nkhawa kwambiri. Ndinati Kamwala ili panjira yopita ku Kabwata kumene tinali kujambulira, ndipo ku Kamwala kulibe chimene munthu angasowe.

Nditatsika basi mu tauni ndinadumpha njanji n'kulowa pakati pa mashopu aja a vitenje, mapoto, mafoni ndi mapanelo a sola amene chaka chimenecho anali kugulidwa ngati mabanzi. Ndinaima pa kathebulo kena ka m'mbali mwa msewu.

"Boss, mufuna chani?"

"Mabatili ya AA, koma yamphamvu."

"Aya ni yamene. Onani mweka vamene balemba, Super Heavy Duty."

Mtengo wake unali wokoma. Ndinagula asanu ndi atatu, ndipo chenji inatsala ya basi ndi madzi ozizira. Nditawaika mu rekoda, kachizindikiro ka batire kanadzaza mpaka pamwamba. Mtima unakhala pansi.

Tsiku la manyazi

Ku Kabwata tinajambulira pakhonde la nyumba ina. Neba anali ndi ka barbershop koyendera jenereta, ndiye tinamupempha kuti azimitse kwa mphindi zochepa. Anavomera, koma anatichenjeza kuti makasitomala akabwera ayatsanso. Tinayeseza kawiri katatu, ine rekoda ili yoyatsa, ndikumvetsera. Kenaka tinayamba zenizeni.

Ambuya anayamba ndi mawu amene mdzukulu wawo anawalembera. Ali pakati anawasiya, n'kuyamba kulankhula zawozawo. Anakamba za achimwene awo amene anapita ku Halale iwo ali kamtsikana, ndi mmene mayi awo ankasiyira nsima pambali madzulo alionse, mwina munthu afika usiku. Mawu anayamba kunjenjemera, misozi inatsika. Palibe anatsokomola. Wa kamera anali kujambula akupukuta m'maso ndi phewa.

Ine m'mahedifoni munali mutakhala chete kalekale. Osati chete wa anthu omvetsera, amene umamvamo mpweya ndi mbalame, koma chete wakufa. Nditasuzumira m'chikwama, rekoda inali yozima. Ndinapitiriza kugwira ndodo m'mwamba ngati munthu amene akugwira ntchito, chifukwa ndinalibe mtima wowadula pakamwa.

Atamaliza ndinaulula. Kamaikolofoni ka pa kamera kanali patali, ndipo kanatola mphepo ndi mahutala a mabasi a mu Burma Road. Mdzukulu uja anagwada pafupi ndi ambuya ake n'kuwapempha kuti abwereze. Anamuyang'ana, anandiyang'ananso ine, ndiye anati: "Adzukulu, misozi si madzi a pampopi oti n'kutsegula pamene mwafunira."

Anabwereza ndithu, ndipo anachita bwino. Koma si zija tinaona poyamba.

Panalinso vuto lina. Ngakhale gawo loyamba, limene rekoda inajambula isanazime, linakana kutseguka. Rekoda imalemba mawu pa memory card pamene ikujambula, koma zambiri zimamaliza kulemba kutalika kwa failo mukadina batani loimitsa. Mphamvu ikaduka mwadzidzidzi, failo imatha kutsala yosatseka. Mnzanga wa ku Woodlands wodziwa makompyuta anapulumutsa mphindi zoyambazo. Zimene Ambuya ananena rekoda itazima, palibe kompyuta ingazibweze.

Tizilembo ting'onoting'ono

Lolemba ndinabwerera ku Kamwala nditakwiya, mabatire ali m'manja. Mnyamata wa pathebulo sanachite mantha.

"Mudala, munaniuza ati ni ya chani? Aya bantu bagula ya remote na nkoloko ya pachipupa."

Ndinasowa chonena, chifukwa sananame. Pafupi naye panali amdala ena okonza mawailesi. Anatenga batire limodzi, anavala magalasi, n'kundilozera tizilembo ta m'mbali: R6. Anati mabatire a mtundu umenewu anawadziwa kuyambira nthawi ya a Kaunda, pamene Zambia inkapanga akeake a Spark ku fakitale ya ku Mansa, kumene kuli miyala ya manganese. Pa wailesi ya ku mudzi ndi tochi amagwira bwino. "Koma ichi chanu," anatero akuloza rekoda, "chili na njala."

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuwerenga mawu akuluakulu a pa paketi. Ndimawerenga tizilembo timeneti, chifukwa n'chimodzimodzi pa dziko lonse, kaya batire lapangidwa ku China, ku Japan kapena ku South Africa. Pa saizi ya AA pali mitundu inayi yofala. R6 ndi zinc-carbon, aja amalembedwa Heavy Duty. LR6 ndi alkaline. HR6 ndi otchaja, a NiMH. FR6 ndi lithium osatchaja. Pa tating'ono ta AAA nambala imakhala 03 m'malo mwa 6: R03, LR03, HR03, FR03.

Nanga n'chifukwa chiyani rekoda inaonetsa kuti batire ladzaza? R6 ndi LR6 onse akakhala atsopano amapereka 1.5V, ndipo rekoda imayeza chimenecho. Kusiyana kumaoneka katundu akakwera. Zili ngati basi imene injini yake ikulira bwino pa siteshoni ilibe anthu. Idzazeni, muikemo ndi masaka a makala, ndiye muione pokwera mlatho wa mu Independence Avenue. Batire la R6 likakokedwa mphamvu yambiri nthawi imodzi, voteji yake imagwa msanga, ndipo makina amazima ngakhale mkatimo mukadali kanthu. N'chifukwa chake batire limene lafa mu rekoda limatha kuyendetsa nkoloko miyezi ingapo.

Ndipo rekoda ya filimu imakoka ndithu. Maikolofoni ambiri a pa ndodo alibe batire laolao. Amadya kuchokera ku rekoda kudzera m'chingwe, mphamvu ya 48V imene timaitcha phantom. Taganizirani: timabatire tinayi, tonse pamodzi 6V, ndiye makina akweze mpaka 48V, ayatse sikirini, alembe pa kadi, akankhenso mawu m'mahedifoni. Loweruka lija ndinatha theka la mphamvu poyeseza chabe.

Nanga tigule ati?

Zimayamba ndi makina amene muli nawo. Zoom H4n ndi H5 zimalowa mabatire a AA awiri, Tascam DR-40X atatu, Zoom H6 ndi Tascam DR-60D anayi, Zoom F8 asanu ndi atatu. Ngati muli ndi maikolofoni opanda chingwe aja timabisa m'malaya a wosewera, monga a Sennheiser G4, kabokosi ka wosewera kamafuna awiri ndipo ka kwa inu awirinso. Muwerengetse pa tsiku lathunthu la ntchito, mupeza kuti thumba likubooka.

Alkaline, LR6, ndiwo a pangozi. Amapezeka paliponse, ku Kamwala, m'masupamaketi a ku Kabulonga, ngakhale pa filling station usiku, ndipo amakhala zaka mu paketi osatha mphamvu. Mphamvu yawo imatsika pang'onopang'ono, kotero rekoda imakuchenjezani nthawi ikadalipo. Kuipa kwake, mukagwiritsa ntchito mwataya, ndipo phantom ikakhala yoyatsa sakhalitsa monga mmene buku la makina limalonjezera, poti maola a m'buku nthawi zambiri amayezedwa phantom ili yozima. Musawasiye mu rekoda ikakhala m'kabati: akakalamba amatuluka madzi aja amauma ngati mchere woyera, amene amadya tizitsulo ta mkati. Pogula, ikani limodzi padzanja. LR6 weniweni amalemera pafupifupi magalamu 23, pamene zinc-carbon ndi wopepukirapo. Batire lovala dzina lotchuka koma lopepuka ngati kanthu kopanda mkati, libwezeni. Onaninso deti lothera ntchito.

Otchaja, HR6, ndiwo chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Amalembedwa 1.2V, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi ofooka poyerekeza ndi 1.5V. Si choncho. Alkaline amayamba pa 1.5V n'kumatsika, pamene NiMH amakhazikika pafupi ndi 1.2V pafupifupi mpaka kumapeto, ngakhale katundu atalemera. Msampha uli pomwepo: poti satsika pang'onopang'ono, akafika kumapeto amagwa kamodzi. N'chifukwa chake marekoda ambiri ali ndi malo mu menyu osankhira mtundu wa batire. Mukaika otchaja koma makina akuganiza kuti ndi alkaline, kachizindikiro kaja kamakunamizani.

Otchaja nawonso ali pawiri. Akale amataya mphamvu ali chikhalire m'chikwama, makamaka kukatentha ngati mu Okutobala. Pali ena osunga mphamvu nthawi yaitali, monga Eneloop amene kampani ya Sanyo inatulutsa mu 2005 ndipo lero amapangidwa m'dzina la Panasonic. Amenewa mukhoza kutchaja lero n'kudzawapeza ndi mphamvu yambiri patapita miyezi. Kwa ife a malaiti obwera mwa apo ndi apo, khalidwe limeneli ndi lofunika kuposa nambala yaikulu ya pa paketi. Ndipo pa nambalazo chenjerani: NiMH wa AA weniweni sapitirira cha pa 2,800 mAh. Mukaona lolembedwa 4,000 kapena kuposa, wolembayo akukuonani ngati mwafika lero mu tauni.

Lithium osatchaja, FR6, monga Energizer Ultimate Lithium, ndiwo odula kuposa onse. Ndi opepuka, pafupifupi magalamu 15, amapirira katundu wolemera, ndipo amakhala zaka zambiri mu paketi. Sindingakwanitse kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Ndimasunga anayi osatsegula pansi pa chikwama, a tsiku ngati lija la Ambuya.

Apa ndichenjeze. Pali mabatire ena otchaja a lithium olembedwa 14500, amene amabwera m'matochi ena. Saizi yawo ndi yofanana ndi AA ndipo amalowa bwinobwino, koma amapereka 3.7V. Mukawaika mu rekoda yoyembekeza 1.5V, mukhoza kuiwotcha pomwepo.

Power bank ndi mabatire a malaiti

Marekoda ambiri a masiku ano amalandira mphamvu kudzera pa USB, kutanthauza kuti power bank imene mukutchajira foni pa basi panopa ikhoza kuyendetsa filimu. Tiyeni tiwerengetse. Power bank yolembedwa 10,000 mAh, maselo ake a mkati ndi a 3.7V, ndiye mphamvu yonse ndi 37Wh. Mabatire anayi otchaja a 2,000 mAh pa 1.2V ndi 9.6Wh. Pa pepala power bank ikuposa pafupifupi kanayi. Ina imatayika posintha voteji kuti ifike 5V, koma mumatsalabe ndi mphamvu yofanana ndi kusintha mabatire katatu. Ubwino wina, imatchajika pa sola ya neba kapena m'galimoto.

Koma ili ndi makhalidwe ake. Ina imazima yokha ikaona kuti chinthu cholumikizidwa chikukoka pang'ono, poganiza kuti foni yadzaza. Ina imalowetsa kaphokoso kosalekeza m'mawu, ngati udzudzu m'khutu. Ndipo kachingwe ka USB sikakhoma; wina akangokukhudzani pachikwama, kazuka. Choncho ndimamata kachingweko ndi tepi, ndipo mkati mwa rekoda ndimasiya mabatire odzaza. Makina ambiri amasamukira ku mabatire a mkati chingwe chikazuka, osasiya kujambula. Musakhulupirire za ine: yesani yanu kunyumba. Yambani kujambula, zulani chingwe, muone ngati ipitiriza. Siyaninso power bank iyendetse ola lathunthu mukumvetsera m'mahedifoni.

Njira ina ndi mabatire aja amakona a NP-F, a 7.2V, amene Sony inapangira makamera ake ndipo lero anzathu amayatsira malaiti a LED ndi timasikirini ta pa kamera. Zoom F6 imawalandira kumbuyo kwake, ndipo Sound Devices MixPre imawalandira mukagula chogwirira chake. Ngati gulu lanu lili nawo kale, ndiye kuti mukutchaja mtundu umodzi ndi chaja imodzi. Kungoti muwalembe dzina, poti wa malaiti akasowa batire amayamba kuyang'ana m'chikwama cha wa mawu.

Malamulo amene ndinadziikira ndi ochepa. Mabatire otchaja ndimawagawa m'magulu a anayianayi, gulu lililonse ndi chilembo chake, ndipo amatchajidwa limodzi, kugwira ntchito limodzi. Sindisakaniza latsopano ndi lakale, kapena alkaline ndi lotchaja, chifukwa lofooka limakokera anzake pansi ndipo likhoza kutuluka madzi. Odzaza amakhala m'thumba lamanja, otha m'thumba lamanzere. Sindiwasiya osaphimba pamodzi ndi makiyi ndi makobidi, poti chitsulo chikagunda mbali zonse ziwiri batire limatentha. Phantom ndimayatsa pa khomo lokhalo pamene pali maikolofoni oifuna. Sikirini ndimaichepetsa kuwala. Ndimajambula pa 48kHz, muyezo wa filimu ndi TV, osakweza popanda chifukwa. Ntchito ikakhala Loweruka ndimatchaja Lachitatu, osati Lachisanu usiku. Ndipo tisanayambe gawo lolemera la sewero ndimaika gulu latsopano, ngakhale lakale likuonetsa theka. Theka limenelo lidzatha pa kitchen party.

Si za ife a filimu tokha

Mwina mukuti, ine ndimagulitsa salaula, za rekoda zikundikhudza pati? Tizilembo tomweti tili pa mabatire a kamakina koyezera BP ka amayi anu, pa maikolofoni ya m'tchalitchi imene imafa abusa atangofika pakati pa ulaliki, ndi pa tochi ya mwana wa giredi 12 wowerenga usiku malaiti atapita. Pa remote ndi nkoloko, R6 akwana, musataye ndalama. Pa chilichonse chokhala ndi mota, chowala kwambiri kapena chotumiza mawu, funsani LR6 kapena otchaja. Uzani wogulitsa chimene mukukaikamo. Ndipo akatha musawaponye pa mbaula kapena pa moto wa zinyalala, amaphulika.

Filimu ya Zambia yafika patali. Tinakulira pa Kabanana, kenaka kunabwera Mpali ndi Zuba pa Zambezi Magic. I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni inapata mphoto ya BAFTA mu 2018, ndipo Can You See Us? inafika pa Netflix mu 2023. Achinyamata ambiri amene ndimakumana nawo akusunga ndalama za kamera ndi lenzi, ndipo n'zabwino. Koma owonera amakhululuka chithunzi chikakhala chamdima pang'ono. Akalephera kumva zimene munthu akunena, amasintha tchanelo.

Kafilimu kathu tinakaonetsa mu holo ya tchalitchi. Pa gawo la Ambuya anthu anaomba m'manja, azimayi ena anapukuta m'maso ndi chitenje. Ndife asanu ndi mmodzi chabe amene tikudziwa kuti anaona kubwereza, ndi kuti nkhani ya nsima yosiyidwa pambali mulibemo, poti kachiwiriko Ambuya anatsata za pa pepala.

Mwezi wathawu mdzukulu uja anapita ku Katete kukawaonetsa pa foni. Atabwera anandipatsa kathumba ka nshawa ndi uthenga. Akuti Ambuya anaonera mpaka kumapeto osanena kanthu, kenaka anafunsa: "Nanga uja wa ndodo, anagula mabatire abwino?"

Ndawatumizira yankho kuti ndinagula. Ku Kamwala komweko, pa thebulo lomwelo. Masiku ano mnyamata uja akandiona patali amakuwa: "Mudala wa LR6, bwelani, yafika!"